Chitini cha Malizani

Malizani anachoka ku Joni ali m'bokosi.
Katundu wake anatsatira patatha milungu itatu:
jekete, nsapato za kuntchito,
ndi chitini cha mabisiketi chomanga ndi mphira.
Tinkayesa muli ndalama.
Mayi anayamba atseka chitseko, kenako tinavundukula.

Munali makhadi.
Anyamata osewera mpira, aliyense m'kajumbo kake,
ena onyezimira ngati pepala la switi.
Mayi anati, "Zaka zisanu ndi ziwiri kunja,
n'kutibweretsera nkhope za ana a eni?"
Chitini chinagona pansi pa bedi dzinja lonse.

Ine ndimagulitsa kachewere pa Lizulu.
Malonda ndimawadziwa:
umatchula mtengo utanyamula ndowa pamutu,
wa pawindo la basi n'kuuthyola pakati,
injini ikulira, kondakitala akumenya chitseko,
iwe n'kulola uku ukuthamanga.
Kuno mtengo umangodziwa kutsika
ngati lole pa Khwekhwerere.

Fanuwelo wokonza mafoni ndiye anakuwa
ataona mwana wanga akupalira matope ndi khadi limodzi.
"Mlongo, kodi muli ndi ena?"
Anawayala pa chitenje choyera, n'kuwajambula
kumaso, kumbuyo, ngodya zonse zinayi,
mwaulemu ngati akusambitsa khanda.
Anati pa intaneti pali okushoni.
Ndinakumbuka bambo akuchokera ku Kanengo
atapinda pepala la fodya m'thumba, osayankhula mpaka Loweruka.

Koma iyi inalibe shedi, inalibe mabelo.
Kawotchi kokha, kowerenga chobwerera m'mbuyo,
ndi ogula opanda nkhope.
Wina anafunsa ngati ngodya yakumanzere inapindikapo.
Wina anafuna chithunzi chojambula padzuwa,
mwezi wa Juni, pa Lizulu!
Tinadikira nkhungu masiku awiri.

Madola asanu.
Madola asanu omwewo mpaka Lachinayi.
Ndinati, basi, tataya bandulo pachabe.

Usiku womaliza tinakwera pachulu kuseri kwa chigayo,
poti m'munsi foni imathawira ku Mozambiki
ingomva mphepo ya tsidya la msewu.
Zala zitauma, tinayang'anira kagalasi kong'aluka.
Khumi ndi awiri. Makumi atatu.
Anthu awiri osadziwana, kumayiko kumene sindidzafikako,
akulimbirana mnyamata wa jezi yobiriwira
amene dzina lake lilime langa limakana.
Aka kanali koyamba kuona mtengo ukukwera phiri wokha
ine manja ali m'khwapa.

Kutatsala masekondi asanu ndi atatu, netiweki inazima.
Fanuwelo anakweza foni kumwamba ngati nsembe.
Agalu anauwa kwa a Jumbe. Lole inadutsa.
Pobwerera, zonse zinali zitatha:
zana limodzi ndi makumi anayi.
Ndinawerenga mumtima, matumba a feteleza, fizi ya temu ino,
ndipo ndinakhala pansi, pamame pomwepo.

Mawa lake ndinamukuta ndi makatoni awiri
kuti asapindike panjira,
ndinakwera naye minibasi mpaka ku Ntcheu boma.
Kalaliki anamuika pasikelo: sanalemere ngakhale ngati dzira.
Wapita pandege, mnyamata uja.
Mchimwene wanga anapita pansi pa tenti ya lole,
n'kubwerera m'ngolo yokoka, pamodzi ndi mafiriji a anthu.

Chitini chikupepuka mwezi ndi mwezi.
Mayi tsopano amafunsa, "Lero apereka zingati?"
koma makhadiwo sawakhudza.

Lilipo limodzi limene Fanuwelo anakana kujambula.
Lopindika pakati, lothimbirira ndi thukuta,
goloyi wa timu imene palibe akuifuna.
Kumbuyo kwake, ndi bolopeni yofiira:
malata 24, simenti 10, chitseko,
kenako dzina langa, ndi mzere kunsi kwake.
Limenelo lili m'chikwama cha ndalama za kachewere.
Basi ikaima ndimaligunda ndi chala posintha chenji,
n'kutchula mtengo wanga,
osautsitsa msanga.